Mmene ndinalumikizira thanki ya madzi otentha ku injini ya boti

Boti lathu limakhala ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, koma linabwera kuno ku Lusaka pa ngolo kuti tilikonze. Vuto linali lakuti madzi osamba sankatentha, ngakhale injini ya dizilo italira tsiku lonse.

Nditatsatira mapaipi ndinapeza kuti amene anamanga thankiyo anailumikiza ku njira ya madzi a m'nyanja. Madzi amenewo amangodutsa n'kutuluka ndi utsi, satentha kwenikweni, komanso amabweretsa matope. Oyenera ndi a kulanti, madzi oziziritsa ozungulira mkati mwa injini, amene amafika cha m'ma digiri 80.

Paipi yopita ku thanki ndinaitenga pamutu pa injini, madzi asanafike pa thermostat, kavalavu kamene kamatseguka injini ikatentha. Yobwerera ndinailowetsa pamene pampu ya kulanti imakokera madzi. Ndinaika valavu pa iliyonse, kuti ina ikaphulika pakati pa nyanja ndingotseka, injini isaume.

Chimene chinandivutitsa ndi mpweya. Thankiyo ili pamwamba kuposa chivundikiro cha kulanti, ndiye mpweya unkatsakamira mu koyilo, paipi yopindapinda ya m'thankimo mmene kulanti amadutsa potenthetsa madzi osamba, kulantiyo osayenda n'komwe. Ukagwira paipi imodzi yotentha, inzake ili zii. Ndinamanga kabotolo ka kulanti pamwamba pa zonse, n'kumasula paipi yobwerera pang'onopang'ono mpaka thovu litatha. Musathamange pamenepa, ndipo chivundikiro musatsegule injini ili yotentha.

Potulukira madzi osamba m'thankimo ndinaikapo valavu yosakaniza otentha ndi ozizira, chifukwa ana amasamba m'botimo. Tinayesera pabwalo pompano, injini ikumwa madzi a m'diramu, mapaipi onse awiri anatentha.