Kukonza sewero la Macbeth pabwalo la sukulu

William Shakespeare (1564–1616) ankalemba masewero oti anthu aonere. Ambiri ankaseweredwa masana pabwalo la Globe ku London, lomangidwa mu 1599, lopanda denga pakati komanso lopanda zokongoletsa zambiri. Ndiye bwalo la sukulu kuno ku Mangochi ndi lokwanira. Musaopenso kulipatsa sewero lake la Macbeth fungo la kwathu: Julius Nyerere anamasulira sewero lina la Shakespeare, Julius Caesar, m'Chiswahili mu 1963, ndipo Welcome Msomi, wolemba masewero wa ku South Africa, anasandutsa Macbeth kukhala nkhani ya Azulu, uMabatha, mu 1970.

Yambani ndi kudula. Sewero lonse limadya pafupifupi maola awiri, inu lifikitseni pa mphindi 45. Musachotse ulosi wa afiti atatu, kuphedwa kwa mfumu Duncan, mzukwa wa Banquo (mnzake wa Macbeth) paphwando, Lady Macbeth (mkazi wa Macbeth) akuyenda ali m'tulo ndi nkhondo yomaliza. Hecate, mkulu wa afiti, mchotseni, ndipo zokambirana za Malcolm (mwana wa Duncan) ndi Macduff (mdani wa Macbeth) ku England zifupikitseni. Osewera 12 akwana ngati ena atenga mbali ziwiri: Duncan amafa koyambirira, yemweyo abwerenso ngati dokotala.

Patulani masabata 6, katatu pa sabata, dzuwa litapendeka. Lachisanu masana lisiyeni, ambiri amakhala ku mzikiti. Sabata yoyamba pasakhale kuloweza. Wosewera aliyense anene mawu ake m'Chichewa kapena m'Chiyao mpaka amvetse chomwe akufuna kwa mnzakeyo. Mukadumpha apa, ana amangolakatula ngati ndakatulo, kupuma kumapeto kwa mzere uliwonse, tanthauzo n'kuduka. Apumire pomwe chiganizo chathera.

Mawu amatayika panja, makamaka mwera ukamaomba m'June ndi July. Osewera akhale ndi khoma kumbuyo, mphepo izikankhira mawu kwa oonerera, ndipo poyeserera mphunzitsi aime mapazi 20 kuchoka pomwe akusewerera.

Pa afiti samalani kwambiri. Kwathu kuno dzina la ufiti limamatirira, ndipo mwana akhoza kulitenga mpaka kumudzi. Musapereke mbaliyi kwa mwana yemwe anzake amamusala kale. Sankhani olimba mtima, aphimbe nkhope ndi nsalu yakuda, ndipo makolo auzidwe nthawi ikadalipo.

Malupanga akhale a nsungwi zopalidwa bwino, zikwanje ayi. Nkhondo iyesereredwe pang'onopang'ono, mowerenga, kumenya katatu basi. Chisoti chachifumu dulani pa katoni. Nkhalango ya Birnam, yomwe asilikali amadzibisa ndi nthambi zake popita ku nkhondo yomaliza, ikhale nthambi zothyoledwa tsiku lomwelo, za dzulo zimafota ndi dzuwa. Mzukwa wa Banquo mpakeni phulusa losefa, osafikitsa m'maso.

Magazi: wiritsani chidede chodzaza dzanja m'kapu imodzi ya madzi, sefani, thirani supuni imodzi ya ufa wa chinangwa, takasani pamoto mpaka zilimbe pang'ono, n'kuziziritsa. Popanda ufawo amayenderera ngati madzi ndipo akutali saona kanthu m'manja mwa Macbeth. Chidede chimathimbiritsa nsalu, choncho avale malaya akale, osati yunifolomu.