Mukafika ku Sarlat, musaphonye bwato la pa Dordogne

Anthu ambiri amathera tsiku lonse m'tinjira ta miyala ta Sarlat-la-Canéda, tauni ya ku France, osadziwa kuti zokoma kwambiri zili kumtsinje wa Dordogne, makilomita osakwana 10 kumwera kwa tauniyi.

Chitani lendi bwato lopalasa ku Vitrac n'kutsetsereka mpaka ku Beynac, ulendo wa makilomita pafupifupi 16. Mukamapalasa mosathamanga, n'kumaima poyenera, zimatenga maola 3 kapena 4. M'njiramo mudutsa m'munsi mwa mudzi wa Domme, kenako mudzi wa La Roque-Gageac womwe unamangidwa mokhomerera kuthanthwe, ndi nyumba yachifumu ya Castelnaud. Eni mabwato amakutengani pa galimoto kukubwezani komwe munayambira, choncho funsani nthawi ya galimoto yomaliza musananyamuke. Amafuna munthu wodziwa kusambira, ndipo jekete loyandamitsa musalivule.

Foni, chikwama ndi makiyi ikani m'chigubu chotseka chomwe amakupatsani, chivindikiro mumange zolimba. Mwezi wa August madzi amachepa ndipo bwato limakhula miyala. Mukamatsika kuti mulikoke mudzafuna nsapato zomanga, osati ma silipasi omwe madzi amakokolola.

Msika wa Sarlat umachitika Lachitatu ndi Loweruka. Loweruka fikani isanakwane 9 koloko, apo ayi malo oimika galimoto simuwapeza. Malesitilanti ambiri amasiya kupereka nkhomaliro ikamakwana 2 koloko.

Mukafuna kuona Lascaux IV, phanga la zithunzi za anthu akalekale ku Montignac, gulani tikiti pa intaneti pasadakhale. Dziwani kuti ndi phanga loyerekezera. Lenileni analitseka mu 1963. Tengani juzi, mkatimo mumazizira ndithu.