Nkhwani si dzungu: magulu a mbewu ndi malire a mankhwala otsalira mu chakudya

Alimi a m'madimba amafunsa kawirikawiri kuti: "Pa botolo ili alembapo tomato ndi kabichi basi. Nanga ndikapopera mabilinganya kapena therere, chingalakwike n'chiyani? Mbozi zake si zomwezi?" Funsoli n'lomveka, ndipo yankho lake lagona pa mmene akatswiri amaikira mbewu m'magulu akamakhazikitsa malire a mankhwala otsalira mu chakudya.

Mukapopera, mankhwala sathera pa tizilombo pokha. Ena amamatirira pa tsamba ndi pa khungu la chipatso, ena amalowerera m'kati mwa mbewu. Dzuwa, mvula ndi kukula kwa mbewuyo zimawachepetsa tsiku ndi tsiku, komabe pofika nthawi yokolola pamakhala patatsala kenakake. Mlingo waukulu wololedwa wa zotsalirazi umatchedwa MRL, ndipo umawerengedwa m'mamiligalamu pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Pa malonda a pakati pa mayiko, malire amenewa amaikidwa ndi Codex Alimentarius, bungwe lomwe FAO ndi WHO (nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi zaumoyo) anakhazikitsa mu 1963, potsatira kafukufuku wounikidwa ndi gulu la akatswiri lotchedwa JMPR. Kuno kwathu, wovomereza mankhwala kuti agulitsidwe ndi Pesticides Control Board motsatira lamulo la 2000, pomwe za miyezo ya chakudya zili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards.

Ambiri amaganiza kuti MRL ndi mlingo umene munthu akaupitirira amadwala pompo. Si choncho. Akatswiri amalima mbewu m'minda yoyeserera, amapopera ndendende mmene lebulo ikunenera, amadikira masiku olembedwa, kenako n'kukolola ndi kupima ku labotale. Zomwe apeza ndizo zimabala MRL, ndipo asanaivomereze amaona ngati munthu wodya chakudyacho tsiku ndi tsiku, kapena mwana wodya chambiri pa nthawi imodzi, angakhale pa chiopsezo. Choncho tomato wanu akapezeka kuti wapyola malire, chomwe chaululika n'chakuti munachulutsa mankhwala, munapopera mowirikiza, kapena munathyola msanga.

Kafukufuku wotereyu amadya ndalama zambiri. Ku European Union (EU), mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, mbewu yolimidwa kwambiri imafuna minda yoyeserera 8 m'chigawo chimodzi, yolimidwa pang'ono imafuna 4, ndipo zimenezi n'za mankhwala amtundu umodzi pa mbewu imodzi. Kampani yopanga mankhwala ilolera kulipira pa tirigu, soya, thonje kapena malalanje chifukwa ikudziwa kuti ndalama zake zibwerera. Koma ndani angalipire kafukufuku wa bonongwe, luni kapena kholowa? Palibe. Ndipo kusowa kwa malire kuli ndi mtengo wake. Lamulo la EU la nambala 396/2005 limati pamene palibe MRL yoikidwa, malire ndi 0.01 mg pa kilogalamu. Kunena mwa chimvekere, ndi galamu imodzi ya mankhwala m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Mbewu yopoperedwa ngakhale mosamala bwanji ikhoza kulephera pamenepo, katundu n'kubwezedwa pa doko.

Apa m'pomwe magulu amathandiza. M'malo moyesa mbewu iliyonse payokha, amasonkhanitsa mbewu zofanana, n'kusankhapo imodzi kapena ziwiri zoimirira zinzake. Zotsatira za mbewu yoimirirayo zimagwira ntchito pa gulu lonse. America inayamba kalekale kutsata njirayi m'malamulo ake, ndipo Codex inavomereza mfundo zosankhira mbewu zoimirira mu 2012. Mbewu yoimirira imayenera kukhala yolimidwa ndi kudyedwa ndi anthu ambiri, yofanana ndi zinzake pa kakulidwe, maonekedwe ndi tizilombo toigwira, komanso ikhale ija imene ingasunge mankhwala ochuluka kuposa zonse m'gululo, kuti malire ake akwanire zinazo. N'chifukwa chake poyesa tomato amaphatikizamo ndi tomato ang'onoang'ono, onga pwetekere wathu uja. Kilogalamu ya tizipatso ting'onoting'ono ili ndi khungu lambiri kuposa kilogalamu ya tomato akuluakulu, ndipo khungu ndi lomwe limalandira mankhwala.

Magulu ena ndi osavuta kuwamva. Malalanje, mandimu ndi manachesi ali pamodzi. Maungu, nkhaka ndi mavwende ali pamodzi. Mpiru ndi repu zili m'kagulu kamodzi ka masamba, koma kabichi wamutu ali kwina, chifukwa masamba ake akunja amaphimba am'kati ndipo mankhwala salowa mofanana. Tomato, tsabola ndi mabilinganya zili m'gulu limodzi lalikulu, lomwe linagawidwanso patatu. Mtedza, ngakhale uli pachibale ndi nyemba, unaikidwa pamodzi ndi mpendadzuwa m'gulu la mbewu zamafuta.

Therere lobala ndi chitsanzo chabwino cha pomwe gulu limalekezera. Codex inaliika m'kagulu ka tsabola, koma mukaona malire ambiri a kaguluka mupeza alemba kuti ndi a tsabola yense kupatula therere. Chifukwa chake mungachione nokha pogwira chipatsocho. Tsabola ndi wosalala, madzi amangotsetsereka, pomwe therere lili ndi timaubweya ndi mizere yomwe imasunga madontho. Komanso limathyoledwa lanthete, pafupifupi masiku awiri kapena atatu aliwonse, moti mankhwala sapeza mpata wochepa. Akatswiri akaona kuti zotsalira pa mbewu za m'gulu limodzi zikusiyana kupitirira kasanu, kawirikawiri saika malire amodzi pa gulu lonselo. Ndiye ngati iwo amene ali ndi labotale amakana kufanizira therere ndi tsabola popanda umboni, mlimi asadzipatse yekha chilolezo chotero pa dimba.

Koma nkhani imene ikutikhudza kwambiri ife a ku Malawi ndi iyi: magulu amatsata chiwalo cha mbewu chomwe chimadyedwa, osati dzina la mbewu. Dzungu lili m'gulu la nkhaka, koma nkhwani ndi ndiwo zamasamba. Mbatata ndi chinangwa zili m'gulu la mizu, koma kholowa ndi chigwada ndi masamba. Nyemba zouma zili m'gulu limodzi ndi khobwe ndi nandolo wouma, zitheba zili m'gulu lina, khwanya ndi chitambe zili m'gulu linanso. Mbewu imodzi, magulu atatu, malire atatu osiyana. Nyemba youma inali itabisala m'khoko pamene mumapopera. Chitheba chimadyedwa ndi khoko lomwe. Tsamba ndiye lopyapyala, lotambasuka, lopepuka, ndipo pa kilogalamu iliyonse limanyamula mankhwala ochuluka kuposa ziwalo zina zonse. Lebulo ikanena kuti dikirani masiku akutiakuti musanakolole nyemba, ikunena za nyembazo. Yemwe analemba lebuloyo mwina sankadziwa n'komwe kuti kuno timadya masamba ake.

Taganizirani munda wa chimanga mu Januwale. M'mizere muli maungu oyanga, nyemba, khobwe, ndi bonongwe womera yekha. Kuyambira nyengo ya 2016/17 pamene mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija zinafika, alimi ambiri akupopera chimanga ndi cypermethrin, lambda-cyhalothrin, emamectin benzoate kapena chlorpyrifos. Bambo apopera m'mawa, ndi sipuleya ya kumsana, nozo ili pamwamba, utsi wa mankhwala ukugwera pansi pomwe nkhwani watambasula masamba ake aubweya. Madzulo mayi kapena mwana apita kukathyola ndiwo m'munda momwemo, poti ino ndi nthawi imene nkhwani ndiye ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Chimanga chili ndi miyezi iwiri kapena itatu kuti chikololedwe, ndipo n'chokutidwa ndi makoko. Nkhwani wadyedwa tsiku lomwelo. Palibe gulu la mbewu lililonse limene limalumikiza chimanga ndi nkhwani, choncho masiku odikira a chimanga sakunena kalikonse za ndiwozo.

Langizo langa ndi lakuti banja likambirane lisanapopere. Thyolani ndiwo zokwanira tsiku loti mawa mupopera, zina mufutse. Mankhwala alunjike mu mchombo wa chimanga momwe mbozi imabisala, nozo ikhale pafupi, musamwaze munda wonse. Mzere wopoperedwa muzikepo kamtengo kokhala ndi kansalu kofiira kuti ana adziwe. Choposa zonse, patulani kachigawo ka maungu ndi nyemba za masamba pafupi ndi nyumba, komwe sipuleya sifikako. Kutsuka ndi kuwiritsa kumachotsako ena mwa mankhwala a pamwamba, koma olowerera m'kati monga dimethoate sachoka ndi madzi.

Olima tsabola wa kambuzi ndi paprika wogulitsa kunja adziwenso kuti kuyanika kumachotsa madzi, osati mankhwala. Zomwe zinali mu makilogalamu ambiri a tsabola wamuwisi zimaunjikana mu kilogalamu imodzi ya wouma, n'chifukwa chake JMPR powerengera malire a tsabola wouma imachulukitsa ka 7 kapena ka 10. Ndipo malire a Codex si omwe msika uliwonse umatsata. EU inatsitsa malire a chlorpyrifos kufika pa 0.01 mg pa kilogalamu mu 2020, pa zakudya zonse. Alimi a ku Kenya analawa zowawa mu 2013, pamene EU inayamba kupima gawo limodzi mwa magawo 10 a zitheba ndi nsawawa zochokera kumeneko, makamaka chifukwa cha dimethoate. Ngati muli mu kalabu kapena kopaletivi yogulitsa kwa otumiza kunja, funsani wogulayo mndandanda wa mankhwala omwe msika wake ukulola musanafese n'komwe.

Tibwerere ku botolo. Lebulo ikatchula gulu lonse, monga kunena kuti mbewu za mtundu wa nkhaka, mukhoza kupopera mbewu iliyonse ya m'gululo, koma pa mlingo womwewo, maulendo omwewo ndi masiku odikira omwewo, chifukwa malire a gulu anaikidwa pa kapoperedwe kameneko. Ikatchula tomato yekha, ndiye kuti ndi tomato yekha. Kukulitsa chilolezo kuti chifike pa mabilinganya ndi ntchito ya Pesticides Control Board pamodzi ndi kampani yomwe inalembetsa mankhwalawo, ndipo makalabu a alimi angathe kupereka pempho lotero kudzera kwa mlangizi wa m'dera lawo kapena ku ofesi ya zaulimi ya boma. Mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo topungulira pa msika, opanda lebulo, musagule, chifukwa simungadziwe mbewu zololedwa kapena masiku odikira. Ndipo mu kope lanu la ulimi muzilemba tsiku lopopera, dzina la mankhwala, mlingo pa sipuleya imodzi, mbewu zonse zomwe zinali m'mzeremo, ndi tsiku loyamba lomwe mungathyole.