Mmene mungathandizire ana kuti asataye chilankhulo ndi mbiri ya kwawo

Anzanga, mwana sangadziwe kuti iye ndi ndani ngati pakhomo palibe womuuza. Sukulu ndi TV sizingatigwirire ntchito imeneyi, ndi yathu ife makolo basi.

Yambani ndi chilankhulo. Pakhomo muzilankhula chilankhulo cha makolo anu tsiku ndi tsiku, ndiye mwana akayankha m'chilankhulo china musamukalipire ayi, ingobwerezani zomwe wanenazo m'chilankhulo chanu kenako nkupitiriza nkhani, pang'ono ndi pang'ono azolowera yekha. Kumuseka akaphonya mawu ndiye koyipa kwambiri, amangotseka pakamwa osayesanso. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 1999 inakhazikitsa 21 February kukhala tsiku lokumbukira chilankhulo cha makolo, nzabwino, koma tsiku limodzi pachaka silingaphunzitse mwana kanthu.

Nthawi yodya madzulo mafoni onse akhale pambali, kuyambira yanuyo bambo, pajatu ana amatengera zomwe akuona osati zomwe mukuwalalikira. Mphindi 30 zokha ndi zokwanira.

Agogo ngati akadali moyo musachedwe. Apempheni afotokozere adzukulu mayina a makolo awo, komwe mtundu unachokera, ndani anakwatira ndani, inu muzijambula mawuwo pafoni nkuwalembanso m'kope chifukwa foni imatayika.

Za dziko nazonso musasiyire aphunzitsi okha. Mwana adziwe tanthauzo la mbendera, mawu a nyimbo ya fuko, ndipo akafunsa za zoipa zomwe zinachitika kale muuzeni chilungamo, asakazimvere koyamba pa TikTok.