Dziwe losambira likakalamba: kupenta kapena kupulasitala?

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo maiwe osambira alipo ambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Ali kuseri kwa nyumba zakale za m'maesiteti a tiyi, m'maloji a m'tsinde mwa phiri, ndi m'makomo ena apaboma. Ine ntchito yanga ndi yokonza maiwe amenewa. Eni ake akandiitana amati, "Amisiri, tingopenta basi eti?" Ambiri amakhala atasankha kale penti poti ndi wotchipa. Ndimawapempha kuti ayambe adikira, chifukwa penti amakhalitsa pokhapokha pulasitala wapansi pake ali wolimba, ndipo zimenezi sizioneka ndi maso munthu ataima m'mbali.

Musanachotse madzi, yesani ngati dziwe likutaya. Ikani ndowa pa sitepe, muithire madzi mpaka afanane ndi a m'dziwe, mulembe mzere mkati ndi kunja kwa ndowayo, kenako muzimitse pampu. Mawa nthawi yomweyo mukaone. Dzuwa limamwa madzi mofanana konse kuwiri, ndiye a kunja akatsika kwambiri kuposa a m'ndowa, pali pobooka. Pamenepo pamafunika kusaka mng'alu kapena payipi yosweka, penti sangatsekepo.

Za nthawi yochotsera madzi ndikuchondererani kwambiri: dzinja ayi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo nthaka yakuno imakhuta madzi. Dziwe likakhala lodzaza, kulemera kwa madzi ake kumalipanikizira pansi. Mukalikhuthula, madzi a m'nthaka amalikankha kuchokera kunsi, ndipo likhoza kung'ambika pansi kapena kutukuka mbali imodzi. Zikatero ndiye mwataya dziwe lonse. Miyezi ya chiperoni nayo siyabwino, khoma siliuma ndi nkhungu ndi mvula yowaza ija. Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala ndiyo nyengo yathu.

Madzi akatha, tsikiranimo opanda nsapato, m'manja muli hamala ndi choko. Mapazi adzakuuzani pamene pakhakhala. Gogodani pang'onopang'ono khoma lonse ndi pansi ponse, osadumpha m'makona, pamasitepe ndi mozungulira mapayipi. Pamene pulasitala wagwira bwino pamalira molimba, hamala n'kumadumpha. Pamene walekana ndi konkire pamalira phophopho ngati chikho chopanda kanthu. Zungulizani choko paliponse polira choncho. Mukamaliza kwerani pamwamba muyang'ane. Ngati mizere ya choko ndi yowerengeka, yaing'ono ngati chikhatho, gumulani malowo, mumate, dziwelo likhoza kupentedwa. Koma ngati choko chili ponseponse, konkire wakuda wayamba kuonekera, dzimbiri la zitsulo zamkati likutuluka, kapena mukakanda ndi msomali mchenga ukuyoyoka, pulasitalayo watha. Mukapentapo, penti adzagwa pamodzi ndi zimene wagwirazo dzinja lisanathe kawiri. Mng'alu wotsika khoma n'kupitirira mpaka pansi, woti ndalama yachitsulo ilowemo, ndi nkhani ya injiniya.

Tiyerekeze khoma lanu lapezeka lolimba. Ngati linapentedwapo kale, dziwani kaye mtundu wa penti wakaleyo, chifukwa apa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira. Penti wa m'maiwe alipo wamitundu itatu. Wa acrylic ndi wamadzi, amakhala chaka chimodzi kapena ziwiri. Wa chlorinated rubber amafika zaka 2 mpaka 4. Wa epoxy, wobwera m'zitini ziwiri zosakaniza, amatha kukhala zaka 5 mpaka 7 akapakidwa bwino. Nyowetsani kansalu ndi sipiriti mupukute pamalo amodzi: penti akafewa, ndi acrylic. Akapanda kufewa, yesani ndi xylene kapena thinala wamphamvu: akayamba kumata m'zala, ndi rubber. Akalimbabe zonsezi, ndi epoxy. Epoxy musamupake pamwamba pa rubber, amakwinyika n'kusupuka. Mwina mubwereze mtundu womwewo, apo ayi palani wakale yense.

Ntchito yeniyeni ya penti ili pokonza khoma. Palani zonse zosupuka. Tsukani ndi sopo wamphamvu, makamaka pamzere umene madzi amalekezera, chifukwa mafuta odzola a osambira amakanirira pamenepo. Pa pulasitala wopanda penti tsukani ndi asidi wa m'dziwe wosungunulidwa ndi madzi kuti penti apeze pogwira. Asidi amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo wogwira avale jombo, magolovesi ndi magalasi. Ndimamva chisoni ndikapeza mnyamata wa m'dimba wapatsidwa ntchito imeneyi ali ndi patapata. Tsukuluzani ndi madzi a soda kuti asidi afe, kenako madzi ambiri.

Tsopano lisiyeni liume masiku angapo a dzuwa. Kuti mutsimikize, matani pepala la pulasitiki kumalo akuya ndi tepi mbali zonse zinayi, ligone usiku. M'mawa mukapeza thukuta kunsi kwake, khoma likadali ndi chinyezi, dikirani. Matuza amene mumaona pa penti wa m'maiwe ambiri kuno amachokera ku chinyezi chotsekeredwa mkati. Yambani kupenta mame akauma, dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo lekani kusanade kuti mame a usiku asapeze penti wamuwisi. Epoxy sakanizani wochepa amene mungamalize, chifukwa akangosakanizidwa amayamba kulimba m'chitini momwemo. Makoti awiri, kuyambira kozama kubwera kosaya kuti mukhale ndi potulukira. Fungo lake limatsikira kozama n'kukhazikika, ndiye muzikwera kukapuma mphepo. Pamasitepe wazani mchenga wosefa bwino pa koti yoyamba kuti ana asamaterereke. Madzi athiridwe pakatha masiku amene alembedwa pachitini, kawirikawiri pafupifupi sabata.

Chimodzi choti mudziwiretu: mukangopenta, mwalowa m'gulu la opentapenta. Pakapita zaka zingapo mudzakhuthulanso, ndipo tsiku limene mudzafune pulasitala, penti yenseyo adzafunika kuchotsedwa mpaka kadontho komaliza, chifukwa simenti siigwira pa penti. Ndiye dziwe limene silinapentedwepo, pulasitala wake wangoda ndi ndere koma ndi wolimba, ine sindilipenta. Ndimalitsuka ndi asidi n'kulidzaza.

Kupulasitala kumadya ndalama zambiri nthawi imodzi, koma pulasitala wabwino amapitirira zaka 10. Amene timagwiritsa ntchito m'maiwe ndi marbelite, simenti yoyera yosakaniza ndi fumbi la mwala wa mabo. Zipangizo zake n'zokagula ku Blantyre kapena ku Limbe, ndipo gulani zokwanira ulendo umodzi. Dziwe la mamita 8 mulitali, 4 mulifupi, lozama pafupifupi mita ndi theka, lili ndi malo okwana masikweya mita 68 mukaphatikiza pansi ndi makoma. Gumulani pophophoka ponse, dulani kunsi kwa matailosi ndi mozungulira mapayipi, pakani chogwiritsa kuti watsopano amatane ndi wakale. Kupakako kuthe tsiku limodzi, ndiye pamafunika gulu la amisiri ozolowera, osati bilidala mmodzi ndi womuthandiza. Mukalekeza pakati, msokowo udzaoneka mpaka kalekale. Yambani m'bandakucha, kutentha kwa Okutobala kumang'amba pulasitala wamuwisi. Ena amapulasitala ndi simenti wamba ndi mchenga wa kumtsinje n'kudzapenta pamwamba. Zimatheka, koma penti adikire masiku 28.

Marbelite amakhwimira m'madzi, choncho dziwe lidzazidwe akangogwira, osalekeza mpaka madzi afike pamatailosi. Mangani nsalu kukamwa kwa payipi, muigoneke kozama. Madzi akaima panjira amasiya mzere wosachoka. Dziwe ndatchula lija limamwa malita 48,000, ndiye konzeranitu kumene madziwo achokere ngati mpopi ungaphwe kapena magetsi angazime. Madzi a mumtsinje okhala ndi dothi lofiira la ku Thyolo asalowemo osasefa, amadetsa pulasitala watsopano. Masabata awiri oyamba kwechani ndi bulashi yofewa m'mawa ndi madzulo.

Madzi ochokera m'phiri la Mulanje ndi okoma kumwa, koma alibe laimu wokwanira, ndiye amamusaka mu pulasitala n'kumamudya pang'onopang'ono mpaka akhakhale. Gulani kabokosi koyesera madzi. pH, womwe ndi muyeso wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6. Calcium, laimu uja, asatsike pansi pa 200 ppm pa muyeso wa kabokosiko, akachepa onjezerani mankhwala otchedwa calcium chloride. Yesaninso mvula yamphamvu ikagwa, chifukwa imasungunula zonsezi. Klorini waufa musungunule kaye m'ndowa, ndipo mibulu yake muiike m'kachidebe koyandama. Ikagona pansi imawaula penti ndi pulasitala yemwe.