Khanda likamagona masana n'kumachezera usiku, yesani izi

Amayi anzanga amene mwangotuluka kumene m'chikuta, ndi inu abambo omwe, musaganize kuti mwana wanu ali ndi vuto chifukwa choti akudzuka pafupipafupi usiku. Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku koma limagona moduladula, maola awiri pena atatu basi ladzuka, chifukwa kamimba kake nkakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere sumachedwa kugayika, nde liyenera kuyamwa ka 8 olo mpaka ka 12 usana ndi usiku. Komanso m'mimba muja munalibe dzuwa, thupi lake silinadziwebe kuti uwu ndi usiku, zimayamba kulongosoka akamakwanitsa miyezi iwiri kapena itatu.

Nde muthandizeni kusiyanitsa. Masana tsegulani mawindo, wailesi ilire, anthu azicheza mmene amachezera, musamayende monyang'ama ngati m'nyumba muli odwala. Usiku ndi pomwe mufunika kudekha, akadzuka musayatse getsi lalikulu, katochi ka pafoni nkokwanira, muyamwitseni mwakachetechete, mugeyetseni paphewa, thewera musinthe ngati wachita chimbudzi kapena lanyowa kwambiri kenako mubwezereni pogona osayamba kumuseweretsa. Ndipo si phokoso lililonse lomwe ndi kudzuka, makanda amabuula, kuphiriphitha, pena kumwetulira ali mtulo, ine mwana wanga woyamba ndinkamudzutsa ndekha pomunyamula msanga. Dikirani kaye pang'ono muone ngati watseguladi maso.

Pa kagonekedwe pokha ndikupemphani musanyengerere aliyense, kaya ndi apongozi kaya agogo ake, afotokozereni mwaulemu koma musasinthe. Mwana azigona chagada nthawi zonse, osati chafufumimba kapena chammbali, pamalo olimba ndi osalala, opanda pilo ndi zidole, bulangete lisafike kumaso. Ambiri amaopa kuti akabweza mkaka atsamwa koma madokotala anapeza kuti chagada ndi komwe kumachepetsa imfa zadzidzidzi za makanda ali mtulo. Ambirife timagona naye bedi limodzi kapena pamphasa imodzi, nde ngati zili choncho amene wamwa mowa kapena amasuta fodya asagone pafupi naye, ndipo musasinze naye pa sofa, pamenepo mpoopsa kwambiri. Neti yomwe munalandira kusikelo ija muzikunga tsiku lililonse, udzudzu sudziwa kuti uyu ndi wakhanda. Kukazizira mu June ndi July musalowetse mbaula kuchipinda n'kutseka chitseko, mpweya wa makala umapha osanunkha, bola mungomuveka zovala zokwanira.

Ena azikuuzani kuti mumupatse timadzi, kaphala kamadzimadzi kapena mankhwala azitsamba kuti agone nthawi yaitali. Ayi, miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha basi.

Tsopano inuyo mayi. Mwana akagona masana nanunso tsamirani olo mphindi 30, mbale ndi zochapa zidikire kaye kapena achite ena, alendo obwera kudzaona mwana akhoza kuthandiza kutunga madzi ndi kuphika, musachite manyazi kuwapempha. Abambo, simungayamwitse inde koma kugeyetsa, kusintha thewera ndi kumuyendetsa akamalira cha m'ma 2 koloko usiku mungathe, gawanani usikuwo kuti mayi agoneko maola angapo osadukiza. Mayi amene akungolira, sakufuna kudya, sakupeza tulo olo mwana atagona, asasiyidwe yekha, mupite naye akaonane ndi anamwino.

Mwana wogona kwambiri nayenso muzimuyang'ana, masabata oyamba asadutse maola 3 kapena 4 osayamwa, mudzutseni pomuvula pang'ono kapena kumusisita kuphazi. Akamavuta kudzuka, akukana bere, watentha kapena kuzizira thupi, akupuma mothamanga, akukomoka kapena maso ndi khungu zachita chikasu, musadikire kuti kuche, pezani kabaza kapena galimoto muthamangire naye kuchipatala usiku womwewo.