Nyali ya oyilo ikamaphethira pa Beetle kapena Kombi yakale: momwe mungachitire

Injini ya Volkswagen yakale ilibe radiyeta. Imazizira ndi mphepo ya fani ndi oyilo, ndipo oyiloyo ndi malita 2.5 basi. Akatentha amapyapyala, pulesha imatsika, nyali n'kuyamba kuphethira mukaima pa maloboti.

Yambani ndi geji yoyezera pulesha ya oyilo. Masulani switchi ya nyali, ili chapafupi ndi distributor, mumangepo geji. Switchi ija imayatsa nyali pulesha itagwa kale pansi pa theka la bar (pafupifupi 7 psi), musaidalire. Injini yotentha izipereka pafupifupi 10 psi pa ma rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) 1,000 aliwonse.

Khetsani oyilo akadali wofunda. Fyuluta mulibe, muli kasefa kotsekeredwa ndi mbale ya manati 6 kunsi kwa injini. Katsukeni ndi palafini, magasiketi muike atsopano, ndipo musamange mwaukali, timabawutito timathyoka.

Pamene panandisautsa ndi pa valavu ya pulesha. Ili kunsi kwa injini, mbali ya pule, yotsekedwa ndi sikuluu yaikulu. Mkati muli sipuling'i ndi kapisitoni. Oyilo akakhala wozizira ndi wolimba, pulesha imakankhira kapisitoni pansi, oyilo n'kudutsa njira yachidule osalowa mu oil cooler, chipangizo choziziritsa oyilo. Akatentha, sipuling'i imakabweza, oyilo n'kuyamba kulowa mu cooler. Kanga kanakanirira pansi, moti mu October pokwera chitunda cha ku Chikwawa dipisitiki sinkagwirika ndi dzanja, chonsecho cooler inali yabwinobwino. Mukamasula, kapisitoniko kazitsika kokha. Kakakana, lowetsanimo tapu yodulira mathiredi ya 10 mm mukakoke. Kanga kanatuluka ndi mikwingwirima m'mbali, kali bii ndi phula la oyilo wopserera. Tsukani bowo, salazani mikwingwirimayo ndi sandipepa wosalala kwambiri mpaka kaziyenda mosavuta. Injini za 1970 kupita m'tsogolo zili ndi valavu yachiwiri mbali ya flywheel. Masipuling'i ake ndi osiyana kutalika, musawasinthanitse.

Apa ndi pamene ogulitsa ena amapusitsira anthu. Akuuzani kuti thirani oyilo wolimba kwambiri kapena gulani pampu yaikulu, pulesha ikwera. Ikweradi pa geji, koma valavu ija iziona ngati oyilo sanatenthe, izimulambalalitsa cooler. Oyilo wa m'zigubu zopanda chidindo ndiye musamuyandikire, ngakhale atsitse mtengo chotani.

Cooler ili mkati mwa chikuto cha fani. Pa injini za 1971 isanafike imatchinga mphepo ya silinda yachitatu, n'chifukwa chake imeneyo ndiyo imayamba kupsa. Ikamadontha, sinthani timphira tiwiri tapansi pake. Timasiyana kukula, pogula tengani takaleto. Zida zina zimachokera ku South Africa, komwe Beetle inkapangidwa ku Uitenhage mpaka 1979.

Zotsalazo n'zachangu. Lamba wa fani akhale wokoka bwino, malata onse ozungulira injini ndi mphira wake zibwerere m'malo, mpata wa mavalavu a masilinda ukhale 0.15 mm injini itazizira, oyilo muzisintha pa makilomita 5,000 aliwonse.